Timashimu Khumi ndi Tiwiri

Lolemba, 6 Juni
Bwana apita kutauni ku Sozibele, abwera Lolemba linalo. Akuti ndikathetsa kugogoda m'injini ya galimoto yawo, Loweruka inyamule mwana wanga Esinati kuukwati wake ku Shamva. Mlamu wanga Wilisoni, dalaivala wa lole ya papulazi, wamva ndipo wamwetulira. Akumwetulira chiyani?

Lachiwiri, 7 Juni
Ndatsegula injini ya bwana ndi ya dona kuti ndifanizire. Monsemo kamu, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, ili pamwamba pa injini.
Ya dona: kamu ikankha chala chachitsulo, chala chikankha valavu. Pachala pali sikuluwu ndi nati.
Ya bwana: zala mulibe. Kamu ikankha kakapu kovundikira valavu, m'kakapumo muli kashimu, kachitsulo konga kandalama ka tiki. Kalikonse kali ndi makulidwe akeake, diso silingasiyanitse.
Wilisoni akuti, "Ya zala ndiye galimoto, alamu, sipanala imodzi basi." Sikuluwu imamasuka, kakapu ayi. Ameneyu akufuna ntchito yanga ya umakaniko.

Lachitatu, 8 Juni
Kuopa kusokoneza, ndasema thabwa: mizere iwiri, maenje khumi ndi awiri, kashimu kalikonse m'dzenje la valavu yake. Mawa ndisinthanitsa tiwiri tokha. Ndafunditsa saka. Wilisoni walowa m'shedi, akuti akufuna girizi. Lole waipaka dzulo lomweli!

Lachinayi, 9 Juni
Timashimu tonse tili m'dzenje limodzi! Pamodzi ndi timiyala! Owakayikira:
Wilisoni.
Kuki wa kunyumba kwa bwana, poti Esinati anakana mphwake.
Anyamata a kudambwe, poti ndine mkulu wa mpingo.
Wilisoni.

Lachisanu, 10 Juni
Ndabwezera mongoganiza. Injini ikulira ngati chigayo chopanda chimanga. Kutsegula, kusintha, kutseka. Tsopano siikuliranso n'komwe.
Mudhara Fakisoni, mlonda wachikulire, wafika nkhope ili mwee. "Achimwene, bawo lanu lija n'losalala bwino, koma maenje aperewera." Ndawafunsa mofatsa kuti anasewera ndi yani. "Ndi alamu anu. Ndinawadya zonse!"

Loweruka, 11 Juni
Esinati akulira atavala kale diresi. Amake sakundiyang'ana. Dona amva chisoni, atibwereka yawo. Ilibe vuto, koma Wilisoni waitsegulabe pamaso pa komboni yonse. Kumasula nati, kupotokola sikuluwu, kumanga. Azimayi nthungululu! Mkwatibwi kutsogolo, Wilisoni pachiwongolero. Ine pamwamba pa lole, pakati pa akwaya ndi mapoto.

Lamlungu, 12 Juni
Esinati wakwatiwa bwino, tithokoze Mulungu. Wilisoni akulumbira kuti ankayesa ndi bawo. Munthu wodziwa injini!
Lero ndiye ndawerenga bwino: mavalavu 12. Timashimu 11. Mudhara akuti kamodzi kanagwera pansi masewera atatentha. Ndasesa shedi yonse.
Ndikunenabe kuti kakapu n'koposa chala, bola pasakhale achibale pafupi. Bwana afika mawa. Ndasemera mudhara maenje operewera aja. Ntchito ikandithera, bawo likhale lokwanira.