Mpando Wanga pa Maliro a ku Amereka

Lolemba

Maddington yonse, dera limene tikukhala kunja kuno kutali ndi kwathu, ikuwotcha ngati chiwaya. Fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo. Eni nyumba akwezanso lendi, ndipo kalata yawo yayamba ndi kutifunira chaka chabwino.

Koma ine ndili ndi pulani. Chipatala cha katauni kena ka ku Amereka chandipatsa ntchito ya unesi. Mayi wa ejenti yondipezera ntchitoyo akufuna yankho Lolemba likudzali, inde kapena ayi. Akuti nyumba kumeneko n'zotchipa, zokhala ndi bwalo kumaso ndi kuseri. Bwalo! Ine amene ndimadzala mpiru m'zidebe za penti.

Vuto ndi anthu a m'nyumba muno. Bambo a Tadala akungoti, "Tiona." Mawu amenewa ndawamva chikwatirane, ndipo tanthauzo lake ndi ayi. Tadala wayankha m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno kuti iye sangasiye anzake, kenako chitseko cha kuchipinda chalankhula zotsalazo.

Ndiye Lamulungu tikachoka kutchalitchi ndiwakhazika pansi onse awiri. Ndiwaonetsa zithunzi pa laputopu ngati ku msonkhano wa kuntchito. Mitu itatu:

- mbiri ya katauniko
- nyengo yake
- anthu ake

Munthu sakana chinthu chokonzedwa m'mitu.

Lachiwiri

Mbiri. Ndikuwerenga pafoni m'sitima, kenako m'basi, popita ku shifiti yanga ya masana kuchipatala cha ku Nedlands.

Kunabwera njanji. Kunabwera fakitale. Anthu anadzaza, anamanga matchalitchi, sukulu, holo yovinira. Kenako fakitale inatseka. Kenako sitima inasiya kuima, imangodutsa. Mbiri yathera pomwepo. Ndatsitsa tsamba ndi chala kufuna zina, koma pansi pali chithunzi cha thanki ya madzi basi.

Za anthu amene ankakhala pamalopo njanji isanafike alembapo mzere umodzi, akuti anachoka. Anapita kuti, osanena.

Nthawi yopuma ndayesa kuyenda m'misewu yake pa mapu a zithunzi aja. Msewu waukulu: banki yotseka, sitolo ya mipando yotseka, nyumba yosamalira maliro ya penti watsopano. Ndi yokhayo imene ikuoneka kuti bizinesi ikuyenda. Ndakhota kumanja, ndakhota kumanzere. Magalimoto alipo, oimikidwa bwinobwino. Makatani otseka. Munthu ayi. Galu ayi. Ngakhale kabudula pachingwe, ayi.

Pa tsamba loyamba la zithunzi zanga ndalemba kuti: "Malo abata." Si bodza.

Lachitatu

Nyengo. Pali kamera ya tauni yoonetsa msewu waukulu uja nthawi yomweyo. Kuno ndi Lachitatu m'mawa, kumeneko kudakali dzulo madzulo. Zimenezi zikundizunguza mutu. Ndakhala kukhitchini kwanga ndikuyang'ana dzulo, ndipo dzulolo kukugwa chipale chofewa.

Kuli mbee konse. Palibe phazi la munthu. Maloboti akusintha okha, kufiira, kubiriwira, kufiira, popanda wowamvera. Ine thukuta lili kamukamu, kapu ya madzi oundana m'manja.

Zimene ndapeza:

- nthawi yachisanu mapaipi amaphulika m'makoma
- nthawi yotentha kumabwera akamvuluvulu onyamula madenga
- pali sayirini yochenjeza imene amaiyesa kawirikawiri, kaya kuli mphepo kaya kulibe

Ndikuganiza mmene ndingazikometsere zimenezi, pamene galimoto yaitali yakuda yadutsa pang'onopang'ono, yokha, popanda ina pambuyo. Yakhotera ku nyumba ya penti watsopano ija. Ndatsegula tsamba la nyumbayo. Amaonetsa mwambo wa maliro pa intaneti, aliyense atha kulowa.

Sindimafuna. Koma munthu woleredwa sadutsa pamaliro ngati sanaone. Ndazimitsa wailesi, ndamanga chitenje, ndakhala pansi, laputopu pampando.

Chipinda cha mipando yambiri. Bokosi kutsogolo, la gogo wina wamwamuna. Amene alipo: bambo wamtali wa suti yakuda amene ndi mwini nyumbayo, mayi wokalamba woimba limba, m'busa amene sanavule n'jekete yomwe. Basi. Wolira palibe. Pakona pa sikirini alemba chiwerengero cha oonera: mmodzi. Ineyo.

Mwambo watha madzi oundana m'kapu mwanga asanasungunuke.

Pansi pali malo olembapo mawu kwa anamfedwa. Ndalemba m'Chingerezi changa cha kuchipatala, ndawonjezera "Pepani" wa kwathu, ndi dzina langa. Kuchoka pamaliro osapepesa si umunthu.

Ndisanapite kuntchito ndawaimbira bambo a Tadala kuwauza. Afunsa kuti: "Adzukulu analipo?" Ndati sindinaone mwamuna aliyense wooneka ngati wa kumanda.

Lachinayi

Anthu. Chikwangwani cha polowera m'tauni chili ndi nambala yake. Tsamba lina lili ndi nambala yocheperapo. Chithunzi chatsopano cha chikwangwani chomwecho chikuonetsa kuti wina anafufuta n'kulembapo ina. Mzere woonetsa chiwerengero cha anthu ukungotsetsereka ngati msewu wotsikira ku Golomoti. Ndayesa kuchitembenuza chithunzicho kuti mzerewo uzikwera. Tadala wadutsa kumbuyo kwanga n'kunena kuti manambala ali chadodolido.

Imelo yabwera kuchokera kwa bambo wa suti yakuda. Akuthokoza. Akufunsa ngati ndine wachibale wa malemu, chifukwa akusowa woti amupatse wotchi ndi magalasi. Ndayankha kuti ayi, ndine nesi chabe, mwina ndibwera kudzagwira ntchito pachipatala chawo. Wayankha pompo, ngati anali chikhalire kundidikira: "Tikudziwa."

Akudziwa bwanji?

Kuntchito ndamufunsa mnzanga wa ku Zambia. Akuti ndisavutike, m'tauni yaing'ono aliyense amadziwa za aliyense, ngati kumudzi. Chabwino. Koma kumudzi kumakhala anthu.

Bamboyo wawonjezera kuti mawa kulinso mwambo, wa mayi wina amene anali mphunzitsi. Akuti zingakhale bwino nditabwera.

Sindipita. Ndili ndi zithunzi zokonza.

Lachisanu

Ndapita.

Chitenje, duku, buku la nyimbo. Ndatseka mawindo kuti aneba asaitane apolisi. Mayi wa limba wayamba nyimbo imene ndikuidziwa, timaimba ndi kwathu komwe. Ndaimba m'Chichewa mavesi onse, ngakhale iye wasiyira pa lachiwiri. Misozi yabwera yokha. Mphunzitsi wa zaka zonsezo, ana amene anawaphunzitsa ali kuti? Zandipweteka kwambiri. Maliro a bambo anga ndinawalira chonchi, pafoni, nditakhala pansi pomwe pano. Koma kumeneko anthu anasefukira mpaka m'munda wa chimanga, ndipo mng'ono wanga ankazungulitsa foni kuti ndione amene abwera.

Bambo wa suti waima kutsogolo ndi pepala. Wawerenga mawu anga a Lachitatu aja, kuwerengera mipando yopanda anthu. Dzina langa walithyola pawiri. Koma "Pepani" wamutchula bwinobwino, ngati munthu amene wakhala akuyeserera. Kenako onse atatu atembenuka n'kuyang'ana kamera. Mayi wa limba wakweza dzanja.

Inenso ndakweza. Kenako ndakumbukira kuti iwo sangandione. Ndadzuka, ndatenga pulasitala wa pachilonda, ndamata kadiso ka laputopu.

Ndipo pakona paja: oonera awiri.

Awiri! Winayo ndani? Tadala ali ku Fremantle ndi anzake, sukulu n'zotseka. Bambo ake ali kuntchito ku Kenwick, akukweza katundu m'magalimoto. Ndakhala ndikuyang'ana nambalayo mpaka chithunzi chazima. Tsitsi langa lonse nyaunyau, kutentha konseku.

Kuchipatala ndamugwira dzanja wodwala wina wochira, amene akupita kwawo akusekerera, n'kumuuza kuti alimbe mtima. Wandiyang'ana modabwa.

Zithunzi za Lamulungu zimene zatha: chimodzi chomwe chija.

Loweruka

Mayi wa ejenti waimba, mawu ali tseketseke. Akuti tauni yonse yasangalala nane. Akuti anesi am'mbuyomu sanakhalitse, koma ine ndikuoneka kuti ndazolowerana kale ndi anthu. Anthu ake ati, mayi? Amene ndawadziwa bwino ali m'mabokosi.

M'mawa uno mwambo wachitatu. Katauni kochepa chonchi, maliro motsatizana ngati mabasi. Bambo a Tadala apita ku ovataimu, Tadala adakali mtulo. Ndalumbira kuti ndingosuzumira.

Kutsogolo, pamzere wa anamfedwa, aikapo mpando umodzi wa khushoni. Pampandopo pali pepala lopinda, lolembedwa dzina langa. Chilembo chilichonse chili m'malo mwake. Pambali pake kapu ya madzi.

M'busa walalikira mwambo wonse akuyang'ana mpando umenewo. Pena wagwedeza mutu ngati wina wamuvomereza.

Oonera awiri.

Mwambo utatha, imelo. Bambo wa suti akuti pothokoza, komanso pondilandira m'tauni mwawo, andisungira malo. Mtima wanga wadumpha, ndimayesa nyumba ya bwalo ija. Ndatsegula chithunzi. Bwalo lilipodi, lalikulu, loyera ndi chipale, mitengo m'mbali, labata. Malowo ndi atatu ogundizana, pafupi ndi pamene aika mphunzitsi uja. Akuti ndi a banja lonse, ndipo ndi pamtunda, madzi sadikha.

Sindinamuuzepo kuti tilipo atatu.

Ndatseka laputopu, ndailowetsa m'kabati, pamwamba ndasanjikapo mapoto. Ndili ndi mantha, ndisaname. Ndachapa makatani onse a m'nyumba muno kuti ndisakhale pansi.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Ndimangoyang'ana misana ya anthu. Amayi aja amene amandinena kuti ndimachedwa ku kwaya. Abambo aja a tayi imodzimodzi chaka chonse. Ana othamanga pakati pa mipando, amayi awo akuwatsina mobisa. Ndaganiza kuti awa ndi amene adzandinyamule. Adzakangana za ndiwo, adzaimba mosemphana, ena adzabwera kudzaona ngati bokosi ndi lodula. Koma adzabwera.

Masana ndawakhazika pansi monga ndinakonzera. Ndatulutsa laputopu pansi pa mapoto. Tsamba loyamba: "Malo abata." Lachiwiri palibe.

Tadala wayang'ana, n'kufunsa m'Chichewa, koyamba chaka chino: "Amayi, ndi zomwezi?"

Bambo ake atsokomola. Akuti Lachisanu ndi dzulo, nthawi ya tiyi, amakakhala m'galimoto kuseri kwa shedi ya kuntchito kwawo, foni pachiwongolero, chipewa m'manja. "Munati kunalibe mwamuna wa kumanda. Ndikanatani? Maliro n'kulirana." Kenako ayang'ana pansi. "Mayi a Tadala, lendiyi tizilira nayo konkuno. Ine sindikufuna kudzaperekezedwa ndi kamera."

Ndiye wachiwiri uja anali iwo. Ndaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo siinasiye pamene kuseka kwasiya.

Ndamulembera mayi wa ejenti kuti ayi. Bwalo lapita. Mpiru ukhalabe m'zidebe za penti. Kwa bambo wa suti ndalemba mwaulemu kuti sitibwera, malo atatu aja apatse ena. Wayankha ndisanachotse chala pa batani: "Palibe changu."

Tadala akuti akufuna kuona mpando wotchukawo. Tatsegula tsamba lija, atatu tonse pa laputopu imodzi. Kamera anaisiya yoyatsa. M'chipinda mulibe munthu, mwayaka nyali imodzi. Mpando ulipo, pepala lilipo. Kapu ya madzi yafika theka.

Foni ya bambo a Tadala ili patebulo, yozima. Ya Tadala ili m'manja mwanga.

Oonera awiri.

Bambo a Tadala avula chipewa. Akuti timusiye winayo, kaya ndi ndani, aliyense ali ndi ufulu wobwera pamaliro.

Pansi pa tsambalo alemba kuti Lachiwiri kulinso mwambo. Chitenje ndasita kale. Tadala akufunsa ngati ndili ndi china chomukwana.