Munda wanga unatsikira kwa apongozi

Mukadzafika cha ku Nkhulambe n'kumva anthu akutchula za mkamwini wosesa phiri, musadzavutike kufunsa kuti ndani. Ndine. Dzinali ndinachita kulikhetsera thukuta, ndipo palibe amene anandituma.

Ine kwathu n'kuchigwa, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kudothi la makande. Kumeneko ukhoza kukumba mpaka kudzikwirira osakumana ndi mwala, moti ngakhale wonolera mpeni timachita kubwerekana. Mdani wathu ndi madzi oima m'munda, ndiye mizere timaikweza kwambiri, madzi n'kuwasiyira njira kuti azipita msanga. Nditakwatira Enelesi n'kupita kukakhala kwawo kuchikamwini, ndinanyamula khasu langa pamodzi ndi nzeru zomwezo.

Apongozi anga, mayi ake a Enelesi, anatipatsa munda wa m'phiri, kumtunda kwenikweni kwa munda wawo. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo mundawo ndiwo tinkadalira kuti mwana adzapeze pakhomo pali chakudya. Komanso, ndisanamepo, ndinkafuna mudzi wonse uone kuti Enelesi sanatole munthu wamba.

Tsiku londionetsa malire, Enelesi anandiyendetsa mundawo akupuma movutikira ndi mimba.

"Kumtunda kuno dothi ndi chala chimodzi basi, pansi pake ndi thanthwe, ndiye timangosiya udzu," anatero. "Pakatipa limafika chikhatho, koma ndi losakanikirana ndi timiyala. Pamenepa ndi pa nandolo ndi kalongonda. Chimanga mudzadzale m'munsimu, kuseri kwa mizere ya miyalayi, m'mene khasu limalowa lonse. Mwamva, bambo?"

Ndinagwedeza mutu, koma makutu anali kwina. Maso anga anali pa miyala. Miyala ili mbwee paliponse, ina atachita kuisanja m'mizere yopingasa phiri. Mumtima ndinati: anthu abwino awa, koma ulesi! Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. (Sindinadziwe kuti kalumoko ndidzameta nako munda mpala.)

Posakhalitsa achipatala anati Enelesi akadikirire komweko chifukwa mudzi wawowo uli kutali ndi msewu. Ndinatsala ndekha ndi phiri, popanda wondigwira dzanja.

Ndinayamba ndi timiyala tongomwazikana, kutola n'kumaunjika kumalire. Nditaona kuti pakukongola, ndinaphwasula mizere ya miyala ija, umodziumodzi, dzuwa la Okutobala likundiwamba pamsana. Mulu utakula, ndinamva kuti kutchalitchi komwe tinkapemphera akufuna miyala ya maziko a nyumba yopemphereramo yatsopano. Ndinaipereka yonse. Lamulungu lake anandiimiritsa kutsogolo, mpingo n'kundiombera m'manja, ine n'kuweramitsa mutu ngati munthu wodzichepetsa.

Sikuti sanandichenjeze ayi. Koma mukudziwa mwambo: mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sacheza ngati anzawo. Tsiku lina m'mawa apongozi anafika n'kuima patali, kuseri kwa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kumbali.

"Apongozi, mwadzuka bwanji kumeneko?"

Ndinanjuta. "Ndadzuka bwino amayi, kaya inu."

"Miyalayo ikanakhala. Ifenso tinaipeza momwemo."

Ine ndinangoti mayi wachifundo uyu akudandaulira msana wanga. "Musade nkhawa amayi, mphamvu zilipo!"

Anaima pang'ono, n'kutsokomola, n'kubwerera. Ulemu unawatseka pakamwa, ine ulemu womwewo unanditseka makutu.

Wina anali mlamu wanga Lingisoni, mchimwene wake wa Enelesi. Ameneyo ndiye sanabise mawu.

"Alamu, kodi mukulima kapena mukufuna golide? Mvula ikangoti gwa, mudzaliratu inu. Dothi la kuno limagwidwa ndi miyala."

"Nsanje basi, alamu. Mudzabwera kudzapempha mondokwa."

Vuto lake Lingisoni amandiseka pa chilichonse: kayendedwe, kadyedwe, ngakhale makutu anga. Ndikanadziwa bwanji kuti tsiku limenelo lokha sankaseka?

Ndinalambula udzu wa kumtunda uja n'kuutentha. Kenako ndinayamba kuunda mizere ya kwathu, ikuluikulu. Dothi linali lochepa, ndiye ndinkalipala ndi khasu mpaka kumva kuti khwee, thanthwe likuonekera m'makwalala. Chala chimodzi chija, chikhatho chija, zonse ndinaziunjika pamodzi. Ndipo poti mwana wa kuchigwa amaopa madzi oima, mizere yonse ndinailozetsa kumunsi, yowongoka bwino, kuti madzi asavutike podutsa. (Madzi oima paphiri! Mpaka lero ndikaganiza ndimafuna kudzitsina.)

Mvula yoyamba inagwa mwaulemu. Ndinadzala chimanga kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, chinamera bwinobwino, ndipo sabata yomweyo Enelesi anabwera ndi mwana wamkazi. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinamuuza kuti asafulumire kukwera kumunda, akachira adzaona zodabwitsa.

Zodabwitsazo zinabwera zokha masana ena. Sanali napolo ayi, inali mvula wamba, yoti anzanga anangoithokoza. Ndili pakhonde ndinaona madzi ofiira akutsika m'phiri, ndipo ndinanena mokweza kuti, "Koma pali munthu wina walira lero." Itakata ndinakwera kukaona mbewu zanga.

Ndinapeza thanthwe. Loyera, losalala, lotsukidwa bwino moti ukhoza kuyanikapo ufa. Mizere yanga yowongoka ija inali itaperekeza dothi lonse kumunsi, ndipo linakaima m'munda mwa apongozi, kuseri kwa miyala yawo yomwe palibe anaigwira. Tichimanga tanga tinali komweko, mizu m'mwamba.

Ndinakhala pansi pathanthwepo. Apa kuseka kunalibe. Mwana wabadwa, mayi wake akuyamwitsa, ine munda ndilibe.

Kunyumba Enelesi anamvetsera mpaka ndinamaliza, mwana ali kubere.

"Nanga miyala ija ili kuti?"

"Ili kutchalitchi."

"Ikukapemphera?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, ndipo penapake kusekako kunasanduka kulira. Ndinalakalaka akanangondilalatira.

Dzinja limenelo ndinalidutsa ndi maganyu, kupalira m'minda ya anthu omwe ndinkawatcha aulesi aja. Njira ya kwa apongozi ndinkailambalala. Iwo anabwerezanso kudzala pa dothi latsopanolo, ndipo chimanga chake chinakula mochititsa manyazi, chobiriwira bii, mapesi ngati mizimbe. Lingisoni akandiona ankafuula, "Alamu, bwerani mudzaone munda wanu, ukupeza bwino kuchilendo!" Kangapo konse ndinaganiza zonyamula khasu langa n'kubwerera kuchigwa, koma ndikayang'ana kamwana kaja mtima unkakana.

Nthawi yokolola, tsiku lina ndinangoona madengu a chimanga akutsitsidwa pakhomo pathu, Lingisoni ndi akazi ake akubwerezabwereza. Manyazi anandigwira. Ndinauza Enelesi kuti sindingalandire.

"Amayi anadziwa kuti mukana," anatero. "Akuti ndikuuzeni kuti si chithandizo. Dothi ndi lanu, iwo anangolisunga. Akutinso mukafuna mukalitenge, chidebe akubwerekani."

Ndinakalitengadi. Chilimwe chonse ndinkakweza dothi m'phiri ndi chidebe pamutu, mwamuna wamkulu ndevu pepeya, anthu opita kunkhuni akundipatsa moni wautali dala. Koma ndikalikhuthula pathanthwe paja, mtima unkandiuza kuti mvula ikadzabwera lidzatsikanso.

M'mawa wina ndili pamenepo ndinamva munthu akukwera akuwefuka. Anali apongozi, mwala waukulu uli pankhata. Sanaime kuseri kwa mtengo. Anafika pafupi penipeni, n'kuutula mwalawo m'munsi mwa kamulu kanga ka dothi, n'kuukhazika bwino ndi phazi. Kenako anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Yambirani apa, mwananga. Mopingasa."

M'malo mothokoza, ndinangothamangira kukhwawa kukasaka mwala wachiwiri.

Mundawo unabwerera pang'onopang'ono, ndipo pano nandolo amabereka, chimanga cha m'munsi chimatifikitsa patali ndithu. Koma ndisakunamizeni kuti ndinachiriratu. Khasu likangogunda mwala, dzanja limayabwabe kuti ndiuponye kumalire. Ndimayamba ndayang'ana kumunsi, ndikaona duku la apongozi likuyenda m'chimanga, ndimaubwezera pamalo pake n'kuusisita pang'ono.