Zikomo a Tcheya Potionetsa Chipata cha ku Seoul

Balbriggan,
Co. Dublin.

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Bungwe la Tiyendere Limodzi.

Bambo Tcheya,

Ndine Mavis Nkhwazi, membala wamba, mmodzi mwa anthu 14 amene munawatsogolera ku Seoul mwezi wathawu. Mwina dzinali simukulikumbuka, pakuti pamalonje linkabwera kumapeto anthu atayamba kale kuyasamula. Ndine uja ndinkagwira Mayi Perpetua mkono pamasitepe. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ndipo sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndikalakwitsa mawu mundikhululukire. Ndalemba poyera chifukwa pa gulu lathu la pafoni munatseka kuti azilembapo a komiti okha, ndipo ndikudziwa kuti munatero potiteteza ku phokoso.

Ndiloleni ndikukumbutseni chimene tinapitira. Ambirife ndege tinakwerapo kamodzi kokha, mtima uli m'mwamba, pobwera kudzapempha pokhala m'dziko muno. Mapasipoti atatuluka tinati nafenso tikaoneko dziko ngati anthu, osati ngati opempha. Amene anatchula Seoul ndi Mayi Perpetua. Zaka 7 zimene anakhala mu hostelo ya anthu opempha pokhala, osaloledwa kugwira ntchito, ankaonera mafilimu a mafumu akale a ku Korea pa laputopu yobwereka, mpaka nyumba yachifumu ya kumeneko anaidziwa ngati msika wa kwawo ku Ntcheu. Ankatiuza za bwalo lake lamiyala ndi nyumba yomangidwa pakati pa dziwe. Kenako anagwira zaka 11 akunyamula okalamba a eni ake, maondo n'kutha, mtima nawo n'kuyamba kuvuta. Adokotala anavomera ulendowu monyinyirika, nanena poyera kuti wautali chotere ndi womaliza. Munkadziwa zimenezi, a Tcheya, pakuti munazitchula nokha m'pemphero pabwalo la ndege.

Tsopano nazi zimene ndikuthokoza.

1. Zikomo potiphunzitsa kuti mwambo sutha ngakhale pansi pa nthaka. Tsiku loyamba, pasiteshoni ya sitima yapansi, munatindandalitsa kuti tilowe motsata maudindo: inu patsogolo, achiwiri anu, alembi, asungichuma, kenako ife nyenyeswa. Tsoka ilo sitima za kumeneko sizinaleredwe. Chitseko chinatseka mutangolowa inu nokha, ndipo tinakuonani mukupita, dzanja lili pagalasi ngati nduna yotsanzika anthu ake. Makadi athu onse okwerera ndi matikiti anali m'chikwama chanu, kuti tisasochere. Tsiku limenelo timayenera kukwera nsanja ya paphiri yoonera mzinda wonse. M'malo mwake tinaidziwa bwino siteshoniyo, maola atatu athunthu, ndipo ndingachitire umboni kuti zimbudzi zake ndi zaukhondo kwambiri.

2. Zikomo chifukwa cha malonje. Tsiku lachiwiri tinali ndi mayi wa kumeneko wotionetsa malo, wolembedwa maola anayi, atanyamula kambendera kuti tizimutsata. Inu munaona kuti sibwino kutsata munthu amene sakutidziwa. Munamukhazika pansi, ndipo aliyense anatchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi udindo wake m'bungwe. Mayiyo ankawerama kwa aliyense, ifenso n'kuwerama, iye n'kuweramanso, mpaka msana wanga unakumbukira ntchito. Kenako munamufotokozera mmene tinayendera kuchokera ku Dublin, kumene tinasintha ndege, ndi nkhuku imene tinadya m'mwamba. Munamupatsa chitenje, ndipo chitenjecho munachinenera mawu akeake. Mutanena kuti "pomaliza" kachitatu, mayi uja anayang'ana wotchi, anapinda kambendera kake, anawerama komaliza n'kumapita. Asanapite anali atatsala ndi nthawi yotilozera msewu umodzi wokha, ndipo unali wobwerera kuhotela. Koma ndikutsimikiza kuti mu Seoul monse palibe wina wodziwa mafumu a ku Dedza kuposa iye.

3. Zikomo posunga umodzi. Mchemwali wathu wa ku Zambia, Kasapo, namwino wa ku Rathmines uja, anapempha kuti mutipatse makadi athu, aliyense ayende ndi mapu a pafoni, tikumane pa chakudya chamadzulo. Munaona msanga kuti uwu ndi mzimu wogawanitsa. Munakhazikitsa kakomiti kounika khalidwe lake, ndipo kanakumana m'mawa wonse wa tsiku lachitatu m'chipinda chodyera, tonse tili mboni. Pawindo tinkaona mitengo yamaluwa oyera ija imene anthu amalipirira ndege kudzaiona, mphepo ikuyoyola maluwawo. Kasapo anapezeka wolakwa ndipo anapepesa. Ifenso tinaomba m'manja, pakuti tinali ndi njala.

4. Ichi ndicho chachikulu, ndipo ndikupempha muwerenge mutakhala pansi. Nyumba yachifumu munaiika tsiku lomaliza, kuti tikatsirize ndi chokoma. Mayi Perpetua anadzuka m'mamawa, anamwa mapilitsi awo a maondo, n'kukabwereka chovala cha kumeneko, siketi yaikulu yobiriwira ndi kabulauzi kapinki. Ndinawamanga ndine lamba wake. Ankaseka okha pagalasi ngati mkwatibwi, mayi wa zaka 64. Tinafika pachipata 3:30, ndipo chikwangwani chinalemba bwinobwino kuti kulowa kumatha 5 koloko.

Munatiimika kutsogolo kwa chipatacho, tinatambasula nsalu ya bungwe, tinajambulitsa. Kenako munapempha kunenapo mawu ochepa. Munayambira 2009 pamene bungweli linabadwa m'chipinda cha munthu wina ku Rathmines. Munatchula apampando onse akale ndi zimene analephera. Tinakhala chete mphindi imodzi kukumbukira otisiya. Alembi anapereka moni, asungichuma nawonso, achiwiri anu anathokoza alembi chifukwa cha moniwo. Alendo a mitundu ina ankatijambula poganiza kuti ndi chionetsero cha pamalopo, ndipo ndinaona kuti zimenezi zinakupatsani mphamvu zina.

Mayi Perpetua anali chiimire, atatsamira ndodo. Anakweza dzanja kawiri ngati mwana wa sukulu, inu n'kuwauza mwaulemu kuti mafunso ndi kumapeto. Chimene chimandiwawa, a Tcheya, n'chakuti wovala chovala chimenecho amalowa ulere. Tikiti ya m'chikwama chanu sankaifuna n'komwe. Chipata chinali chotsegula masitepe khumi kumbuyo kwawo. Chinawagwira ndi ulemu basi, pakuti kwathu munthu sachoka wamkulu akulankhula. Inenso ndinali pomwepo, mkono wawo uli m'dzanja langa, ndipo sindinawakoke, kuopa kuti anganditche wamwano ngati Kasapo. Manyazi anapha lambe. Ndimadziimba mlandu tsiku ndi tsiku, koma musadandaule, wanu sindinakuchotsereni.

Itakwana 5 koloko alonda anasiya kulowetsa anthu, inu muli pa masomphenya a zaka zisanu zikubwerazi. Mayi Perpetua anayenda pang'onopang'ono mpaka pachingwe chimene alondawo anatchinga nacho chipata, anasuzumira, n'kuona kachidutswa ka bwalo ndi misana ya anthu. Sanalire, bwenzi zilikonso bwino atalira. Anangondifunsa nthawi yobwezera chovala cha eni ake, kuti tisachedwe nacho. Ine mtima unandipsa pamenepo ndipo mpaka lero sunazizire.

5. Pomaliza, ndipo ine ndikati pomaliza ndiye kuti ndamaliza, zikomo chifukwa cha lipoti limene mukawerenge pamsonkhano wapachaka ku Citywest. Ndaliona. Likuti ulendo unayenda bwino koposa, ndipo tinaona malo onse ofunika kuphatikizapo nyumba yachifumu. Likutinso mukufuna kutitsogolera ku Tokyo chaka chamawa, mamembala akakupatsaninso mpando. Ndamva kuti sitima za kumeneko n'zamwano kuposa za ku Seoul, koma ine ndine yani kuti ndilangize wamkulu.

Pempho langa ndi laling'ono. Mayi Perpetua agonekedwa m'chipatala sabata ino, opareshoni ndi Lachinayi, ndipo ku Citywest sadzakhalako. Dzulo anandifunsa ngati madzi a m'dziwe lija ndi obiriwiradi monga a m'mafilimu, chikhalirecho inenso dziwelo sindinalione. Koma inu, malinga ndi lipoti lanu, munaiona nyumbayo. Chonde pitani mukawauze za m'katimo: dziwelo, bwalolo, mpando wa mfumu. Mulungu anakupatsani pakamwa, ndipo iwo sadzakudulani mawu, mwaona kale nokha kuti satha kutero.

Nthawi yoona odwala ndi 2 koloko mpaka 4, ndipo anamwino a kuno nawonso amatseka chitseko osafunsa udindo wa munthu. Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mukafike 9 koloko m'mawa, mukayambiretu malonje poimika magalimoto paja. Magalimoto ndi odekha, akakumverani mpaka mutafika pa "pomaliza" wachitatu. Mukatero mukalowe, mukaime pafupi ndi bedi lawo, mukawayang'ane kumaso n'kuwauza zimene tinaona.

Ndine wanu womvera, wotsiriza pamzere,

Mavis Nkhwazi
Membala wamba