Mkaka wosawiritsa tsiku lokaonekera kwa apongozi

Abale anga, chidwi changachi chidzandipha. Ndinaona vidiyo pafoni, anthu a kuchipululu akukama ngamila n'kumamwa mkakawo pompo, osawiritsa, nkhope zili see. Ndiye ndinkangodzifunsa kuti kodi mkaka wongochoka kubere umakoma bwanji? Nanga ife timawiritsiranji?

Ngamila ku Lirangwe kulibe, koma aneba anga a Chimwaza ali ndi ng'ombe. Ndinawapeza m'mawa akukamira m'chigubu, ntchentche zili ng'waa pakamwa pake.

"Aphunzitsi, mukawiritse kaye," anatero. "Muli tizilombo umu."

Tizilombo tosaoneka tingatani munthu wamkulu ngati ine? Ndinagugudiza makapu awiri. Kukoma!

Cholakwika n'chakuti tsiku lomwelo ndi limene ndinkakaonekera kwa makolo a Esinati ku Chileka, mkazi amene ndinamufunsira zaka ziwiri asanandilole. Pa kabaza mabampu anautakasa bwinobwino mkaka uja, moti pofika m'mimba munali mutayamba kale msonkhano.

Anandikhazika pampando, jekete ili pathupi, amalume ake a Esinati n'kuyamba mafunso. Ndikuyankha za kwathu, mimba inalira kuti guduu, amalume mpaka anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Chimbudzi ndinkachiona, koma apongozi aakazi anali atayala mphasa panjira yake penipeni akusankha nyemba. Mkamwini watsopano n'kuwalumpha apongozi? Bola kufa.

Nzeru inabwera. "Chimanga chanuchi chakula bwino," ndinatero, thukuta lili kamukamu. "Ndingakachione?"

"Eya! Mwana wokonda ulimi!" Amalume ananyamuka n'kundiperekeza, anthu inu! Mzere uliwonse ankaima, kufotokoza mbewu, kufotokoza feteleza, ine miyendo nditaipinga ngati wovina. Pa mzere wachisanu ndinangoti "pepani" n'kuliyatsa liwiro.

Ndinakhalamo nthawi yaitali m'chimangamo, ndikulira ndi manyazi, ndikudziwa kuti ukwati wathera pomwepa. Azaumoyo anadzandiuza mawa lake kuti mabakiteriya a pabere, m'manja ndi m'chigubu amaswana msanga mumkaka, kaya ndi wa ng'ombe kaya wa ngamila. Koma zimenezo zinali za mawa.

Nditatuluka ndinapeza banja lonse likundidikira, Esinati atabisa nkhope m'chitenje. Amalume anakhosomola n'kutembenukira kwa bambo ake a Esinati.

"Mlamu, mwanayu timupatse mkazi. Sanalowe n'komwe pakhomo pano, koma wayamba kale kutithirira manyowa."

Lero ndikapita kuukwati, ana amandilozera munda ndisanakhale n'pansi pomwe. Mkaka tsopano ndimawiritsa mpaka poto kupsa.