Ndabweza Makiyi a ku Fish Hoek

Lolemba

Mpanda wa njerwa ndi galaja ya abwana a ku Fish Hoek, kuno ku Western Cape, ndinamaliza mwezi watha. Theka la malipiro anga silinatulukebe. Lero akuti, “Ndikudikira banki.” Banki imeneyi ikubwera wapansi kuchokera ku Joni, ndithu!

Ndalamazi ndi za chiliza cha amayi. Maliro awo sindinapiteko, ndinaonera pa foni. Abale ku Ntcheu agwirizana kuti timange kumapeto kwa mwezi uno mvula isanayambe, ndipo simenti ikudikira ine.

A Chirwa, mlonda amene timapemphera limodzi, akuti pali pepala lotchedwa liyeni. Womanga akalilemba, nyumba imasanduka chikole mpaka mwini wake alipire. Fomu yake ili pa intaneti, kungodzaza pa foni basi.

Choncho mlanduwu ndikuulowa ndili woyera. Ndasesa pamalopo, ndachotsa wilibala ndi zipangizo zanga, makiyi a geti ndi a galaja ndawapereka m'manja mwa abwana. Asadzanene kuti Mmalawi anatsala ndi makiyi a eni ake. Alandira akumwetulira mpaka m'makutu. Chiyambireni ntchito sindinawaone akusangalala chonchi.

Lachiwiri

Ndagula data ya sabata yonse. Fomu ndaipeza: masamba anayi, chizungu cha maloya chokhachokha. Ikufuna:

dzina langa (ndili nalo)
dzina la kampani yanga (ine ndi wilibala)
nambala ya laisensi (kaya)
tsiku limene ndinayala njerwa yoyamba (kunali chimphepo, ndi zomwe ndikukumbuka)

Timabokosi take n'tating'ono, chala changa n'cha womanga. Ndikagunda pa dzina, ikutsegula adiresi. Ndafika tsamba lachitatu, foni yazima. Zonse zafufutika! Kuyambiranso.

Lachitatu

Fomu ikufunsa chigawo chomwe kuli nyumbayo. Yanditsegulira mndandanda: Alabama, Alaska, Arizona, mpaka pansi. Western Cape mulibe. Ndatsika kawiri, ndakwera kawiri.

A Chirwa akuti, “Ingosankhani lililonse, achimwene, makompyuta amadziwana okhaokha.” Ndasankha Alabama poti ndiye ali pamwamba.

Masana mlongo wanga Esinati watumiza mawu: “Achimwene, mchenga tatuta kale. Amalume akufunsa, tiitane anthu kapena tidikire?” Ndayankha kuti itanani, maloya anga ali mkati mwa nkhaniyi. Maloya akewo ndine ndi a Chirwa.

Lachinayi

Tsiku la siginecha. Akuti ndisayine ndi chala pagalasi la foni. Chala chodyeka ndi simenti, galasi silikuchimva n'komwe. Ndayesa chala cha kanise. Yoyamba yatuluka ngati nyongolotsi, yachisanu ndi chiwiri ikufananako ndi dzina la munthu.

Ndadina kuti fomu ituluke. Ikufuna khadi la kubanki! Kulemba ndi kwaulere, kutenga chomwe walemba ndiye kolipira. A Chirwa andibwereka khadi lawo uku akupuma mofoka.

Ndasindikiza pasitolo ya pakona kuno ku Masi komwe ndimakhala, ndaika m'pulasitiki. Koma yakongola, abale! Mizere yowongoka, dzina langa m'zilembo zikuluzikulu. Ndikuiyang'ana ngati satifiketi ya sukulu imene sindinamalize. Mtima wakhala pansi koyamba chimwalirireni amayi.

Lachisanu

Malaya oyera, nsapato za kutchalitchi, takisi ziwiri. Ndafika ku ofesi yothandiza anthu pa za malamulo kuti andilozere kokapereka fomu. Mayi wa pa desiki wawerenga tsamba loyamba, wavula magalasi, wanditchula bhuti, ndiye achimwene a kuno.

“Bhuti, fomu iyi ndi ya ku America. Kuno kulibe ofesi yoilandira.”

Ndaseka pang'ono kuti ndisagwe. Iye wapitiriza mofatsa: “Kuno womanga amagwira nyumba ndi makiyi. Akakhalabe pamalopo, geti lili m'manja mwake, mwini wake sangamuchotse wamba asanamulipire. Liyeni yake ndi imeneyo. Makiyi muli nawo?”

Ndayang'ana nsapato zanga.

“Anakulandani? Ngati anachita kukulandani, tili ndi poyambira.”

Ndamuuza zoona: ndinabweza ndekha Lolemba, ndinasesanso. Wandilembera za bwalo la milandu ing'onoing'ono. Akuti zimatheka, koma ndisayembekeze mwezi uno kapena wamawa.

Chikole ndinali nacho m'thumba la ovolosi milungu isanu ndi umodzi. Chinkalira ngwelengwele ndikamayenda!

Loweruka

Ndapita ku Fish Hoek, kaya kukatani. Pageti pali loko watsopano. Mpanda aupaka penti yoyera, abzala maluwa m'mphepete. Ndaliza belu katatu. Kabokosi ka pageti kayankha, “Achokapo, abwera mwezi wamawa.” Galimoto yawo ndikuiona m'galaja yomwe ndinamanga ine.

Galu wawo, amene ndinkagawana naye buledi, wandiuwa ngati mbala.

Ndayendetsa dzanja pampandapo. Wowongoka bwino, palibe njerwa yotuluka pamzere. Zandiwawa kwambiri, mpaka ndakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Anthu a kuno ndawamangira mipanda yotchinga agalu ndi maluwa, amayi anga agona pansi pa mulu wa dothi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinaimbe. A Chirwa akuti uthenga wabwera pa foni yawo: a fomu aja akuthokoza, ndipo azidula pakhadi mwezi ndi mwezi. Akupemphanso kuti tiwapatse nyenyezi zisanu.

Ndamuimbira Esinati. Ndamuuza kuti auze amalume abweze anthu, za maloya linali bodza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Wangoti, “Dothi layamba kutitimira, achimwene. Tiika miyala mozungulira kuti madzi asakokolole.”

Zomwe ndatsala nazo:

fomu ya ku Alabama, m'pulasitiki
wilibala
mbiri yabwino

Mawa ndikaima pamsewu ndi anzanga kudikira ganyu, Lachiwiri ndikayamba za kubwalo. Fomu ndaiika pansi pa matiresi, siinalakwe kanthu.

Amayi ndi amene anandiphunzitsa kuti chinthu cha mwini umabweza ndi manja awiri dzuwa lisanalowe. Ndinabweza, amayi, ndinasesanso. Mvula ya chaka chino mupirire nayo chomwecho.