Chipolopolo Choti Gwape Andidikire

Lolemba

Wolemba pano ndine Sumani, wa ku Ntaja, m'munsi mwa phiri la Chikala. Zaka zanga pasipoti ikuti 61. Mawondo akuti pasipotiyo ikungondilemekeza. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi ndevu, ku sukulu ya kwacha, ndiye cholembera chimayenda ngati mwini wake. Sitithamanga.

Ndili ku Nuaija, kuno kudziko la Aarabu, m'kachipinda kanga ka pageti. Ntchito yanga panyumba pano ndi kutsegula geti, kutseka geti, kuthirira maluwa. Mwezi wamawa khalas, zatha. Kontirakiti sakuwonjezeranso, akuti ndakula. Ndikupita kumudzi, ulendo wosabwerera.

Dzulo pafoni akazi anga, Abiti Mussa, anandiponyera funso: "Tsono mukabwera muzidzatani tsiku lonse? Ine mwamuna wonditsata pambuyo ngati mwanapiye sindimufuna." Ananena akuseka. Koma funsolo landikhala pachifuwa ngati chinangwa chosapsa. Ndinati ndiyankha Lamulungu likubwerali.

Yankho ndalipeza m'mawa uno ndikuthirira: ulenje. Bambo anga anali mlenje wa agwape m'phiri lomwelo. Munthu wolowa m'mudzi gwape ali paphewa safunsidwa kuti amatani.

Mfuti ndikagula kumudzi, ndi chiphaso cha boma, mwadongosolo. Kuno wantchito ngati ine sangayerekeze n'komwe. Koma zovala za mfuti zili kuno, zabwino. Zofunika:

lamba
chikwama chachitali
galasi la pamwamba loonera patali
chipewa (ichi ndi changa, osati cha mfuti)

Lachiwiri

Twaibu, dalaivala wa panyumba pano, mnzathu wa ku Namwera, watula Madamu, akazi a bwana, ku saluni. Akuti tili ndi kanthawi, yalla, tiyeni. Tikupita kushopu ya zinthu za alenje.

Mkati mukuzizira ngati m'firiji. Mukununkhira chikopa chatsopano. Ndikuyenda manja kumbuyo kuopa kugwetsa kanthu.

Wogulitsa ndi mmwenye waulemu, akunditchula ankolo. Ndikuloza galasi. Iye akufunsa china m'Chingerezi. Twaibu akumasulira: "Akuti mfuti yanuyo imadya chipolopolo cha saizi yanji."

Saizi? Mfuti ya bambo anga inali gogodela, yothirira onga kukamwa. Inkadya chilichonse: misomali yopindika, zidutswa za mphika wachitsulo, tsiku lina nati wa njinga. Sinafunsepo saizi. Za lero eti zimasankha chakudya ngati ana a bwana.

Ndikumuonetsa chala chaching'ono. Iye akupukusa mutu, akutulutsa bolodi pomwe amatapo zipolopolo zachionetsero, kuyambira kang'onong'ono ngati njere ya nandolo mpaka china chachitali ngati chala changa chapakati. Akuti kusankha kumayambira pa nyama. Nyama yanji?

Gwape pa Chingerezi Twaibu sakumudziwa. Pa Chiarabu sakumudziwanso. Ndiye ine, munthu wamkulu, ndikuika zala ziwiri pamutu, ndikuwerama, ndikudumpha pang'ono pakati pa shopu. Wogulitsa akuti: "Mbuzi?" Mwarabu wina amene amasankha nsapato akuti kalulu wa m'chipululu. Ndakhumudwa m'malo mwa gwape.

Tatuluka ndi lamba yekha, chifukwa lamba safunsa saizi. Wachikopa, wofewa paphewa. Ndamumangirira pa fosholo kuti ndimve m'mene amakhalira. Amakhala bwino kwambiri.

Lachitatu

Madzulo, Madamu atapereka chilolezo, tili ku Mansoura, m'chipinda cha anyamata akwathu a usekyulite. Mabedi osanjikizana, masokosi pazenera, tiyi wa karaki m'timakapu tapepala. Ndikuika nkhani pakati: chachikulu kapena chaching'ono?

Che Bakali ndiye akuyamba. Amalondera pamalo oimikapo magalimoto, chida chawo ndi tochi ndi wailesi, koma akamayankhula za mfuti mungati anabadwira ku baraki. "Chachikulu, madala. Kamodzi kokha, phuu, nyama yagona. Osavutitsa cholengedwa cha Mulungu."

Onse akuvomera. Inenso mutu ukugwedera. Ndiye Twaibu, amene nthawi yonseyi amangosewera ndi foni, akuti: "Nanga ikafa pomwepo, muzinga chiyani?"



Zoonadi. Ife nyama yofa yosazinga sitidya. Bambo anga akawombera ankataya mfuti pansi n'kuthamanga ndi mpeni, kuti akaipeze ikupumabe. Ndimakumbukira msana wawo ukulowa m'tchire. Gwape wofa ndisanafike ndi wa agalu, kapena wa aneba athu a kutchalitchi. Abiti Mussa sangamulole ngakhale pakhomo.

Ndiye chaching'ono? Che Bakali akuti chaching'ono chimangomutsina gwape, iye n'kuthawa nacho mpaka kuseri kwa phiri. "Mudzamuthamangitsa ndinu? Inu amene geti mumatsegula galimoto italiza hutala kachitatu?"

Aseka mpaka wina wa shifiti ya usiku wadzuka n'kutitukwana.

Tsono chofunika chadziwika. Ndikufuna chipolopolo chapakati, chaulemu: chogwetsa gwape, koma chomusiya ndi mpweya wokwanira kundidikira. Funso latsala ndi lakuti adikire nthawi yaitali bwanji. Zimenezo adziwa ndi miyendo yanga. Mawa ndiyesa.

Lachinayi

Dzuwa litapepa. Pabwalo palibe munthu. Dongosolo:

gwape: thumba la manyowa a maluwa, ndaligoneka kukhoma la kumapeto
mfuti: fosholo ndi lamba wake
mpeni: wa kukhitchini, ndabwereka osanena
mlenje: ine

Ndikubisala kuseri kwa mtengo wa tende. Ndikunyang'ama. Ndikugwada bondo limodzi monga ankachitira bambo. Ndikuloza fosholo, diso limodzi chitsinzinire. Ndikuti phuu, chapansipansi.

Tsopano kudzuka.

Bondo lakana. Ndikulinyengerera. Ndikulikumbutsa kuti gwape akudikira. Ndikugwira mtengo, ndikukwera nawo pang'onopang'ono ngati nyemba. Ndikuyamba kuthamanga, kapena tinene kuti mtima ndiwo ukuthamanga, miyendo ikubwera pambuyo. Pakati panjira patapata wavuka. Ndikubwerera kukamutenga, chifukwa matailosi akuotcha.

Pofika pa thumba, ngakhale ine ndikuona kuti gwape ameneyu anafa kalekale, ntchentche zinabwera, zinadya, zinapita. Komabe ndati ntchito ndiimalize. Ndikulitembenuza kuti liyang'ane ku Maka, ndikuligwira pakhosi, ndikuzinga. Manyowa mbwee pa matailosi.

Chimene ndaiwala ndi kamera. Nyumba ino ili ndi maso pangodya iliyonse, ndipo ine ndi amene ndimawapukuta fumbi.

Twaibu akubwera akupukuta misozi ya kuseka. Akuti Madamu aona zonse pafoni ali pabalaza ndi alendo. Poyamba anaopa. Kenako anaitana alendo aja kuti adzaone. Uthenga wawo ndi uwu: mpeni ubwerere kukhitchini, manyowa akokoledwe, ndipo "Baba Sumani akadwala mutu anene, timuperekeze kuchipatala."

Ndakokola. Ndi fosholo yomweyo, lamba akulendewera.

Chipolopolo chodikira munthu ngati ine sichinapangidwe. Gwape wake ayenera kukhala wopirira kuposa Abiti Mussa.

Lachisanu

Tsiku lopuma. Mapemphero a Juma ku Mansoura. Titatuluka mumzikiti ndikuwakokera pambali a Shehe akwathu, amene amagwira ntchito kuhotela koma anaphunzira chipembedzo mokwanira. Ndikuwafotokozera kuyambira pachiyambi: funso la akazi anga, gogodela ya bambo, bolodi la mmwenye. Pofika pa thumba la manyowa ayang'ana wotchi kawiri.

Yankho lawo ndi lalifupi. Akuti nyama ya m'tchire ili ndi lamulo lake. Mlenje atchule dzina la Mulungu pamene akuwombera. Akaipeza ili moyo, azinge. Akaipeza yafa ndi chipolopolo chake chomwecho, ndi halali, adye.

Ndafunsa kawiri. Ndiye kuti bambo anga ankathamanga chabe? A Shehe akuti kuthamanga kwawo Mulungu anakuona, sikunatayike.

Alhamdulillah! Miyendo yamasulidwa. Chachikulu chomwecho, monga ananenera Che Bakali.

Twaibu sakusowa chonena: "Koma madala, Bismillah wanu uja mumamukoka ngati mukuitanira anthu ku swala mumzikiti. Pomaliza, gwape adzakhala ali ku Mozambiki." M'galimoto ndikuyeserera kumunena mwachangu. Akutuluka ngati ndikuyetsemula.

Madzulo shopu itatsegulidwa ndabwererako ndi mtima wa mnyamata. Ndaloza chipolopolo chachitali chija pabolodi. Mmwenye wandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Ndatenga:

chikwama, chachitali kuposa zonse, chobiriwira
galasi, m'kabokosi kake
chipewa
kansalu kopukutira galasi, aka wangondipatsa

Chikwama ndachigoneka pabedi. Chatenga malo a munthu. Ine ndikugona cham'mphepete.

Loweruka

Bwana wamng'ono, mwana woyamba wa nyumba ino, waona nawo za pa kamera zija. Ndinamupeza ali mnyamata wa sukulu, lero ali ndi ndevu zake ndi ana ake. Akubwera pageti akumwetulira: "Baba Sumani, yalla." Akuti munthu asagule mfuti asanaimve paphewa. Akunditengera kumalo kumene amaphunzirira kuwombera, kunja kwa tauni, kwa chilolezo, kuli ndi mphunzitsi wake.

Ndavala chipewa.

Kumeneko andiveka zotseka m'makutu. Dziko lonse lakhala chete, ndikungomva mtima. Kutsogolo, patali, pepala lojambulidwa mizere yozungulira. Mphunzitsi akubweretsa kamfuti kakang'ono. Ine ndikukana ndi dzanja. Chachikulu. Akuyang'anizana ndi bwana wamng'ono. Akubweretsa.

Kulemera kwake ngati mwana wa chaka. Ndikuika paphewa. Ndikuyang'ana m'galasi. Muli chifunga. Ndikupempha kuti apukute. Akupukuta. Chifunga chilipobe. Ndikusintha diso: kwayera. Ndiye kuti chifungacho si cha galasi, ndi cha diso langa lamanja, lomwe ndi loloza nalo. Layamba liti, kaya. Geti ndi lalikulu, silinandiuzepo.

Ndikuti palibe kanthu. Bismillah.

Zimene zachitika sindinazione bwino. Ndikudziwa kuti bulu anandimenyapo ndili mwana, ndipo uyu ndi mkulu wake wa bulu uja. Mphunzitsi wandigwira kumsana, mfuti waigwira ndi dzanja linalo. Chipewa chili pansi. Mkono wamanja ndikuuona, koma sukundiyankha.

Pepala lapulumuka. Lilibe ngakhale kachibowo.

Tayesanso ndi kakang'ono kaja, nditakhala pampando, mfuti itatsamira pa thebulo. Katatu. Pepala langa lili bwinobwino. Koma munthu wa pambali panga akudabwa kuti lake lili ndi chibowo chimene iye sanaboole.

Pobwerera bwana wamng'ono sakuseka. Waima pa famase, wagula mankhwala opaka, wandipaka yekha paphewa pomwepo m'galimoto. Akuti agogo ake anasiya ulenje ali ndi zaka ngati zangazi, n'kuyamba kuweta nkhunda. Ndathokoza. Nkhunda ayi.

Lamulungu

Phewa lasanduka biringanya. Geti ndikutsegula ndi mkono wamanzere. Kulemba ndikulemba pepala lili pabondo, chigongono chitatsamira pa pilo.

Itatha swala ya masana foni ikulira. Abiti Mussa. "Paja munati lero."

Ndikuyamba bwinobwino, kuyambira Lolemba. Ndangofika pa mawu akuti gwape, iwo akundidula: "Gwape wake uti? Phiri lija linapita kalekale m'matumba a makala. Chatsala ndi anyani, ndipo amenewo amabwera okha mpaka pankhokwe." Akuseka, akutsokomola, akusekanso. "Mwagula kale zinthu, eti? Ndikukudziwani inu."

Ndikuti tadikirani ndifotokoze mwadongosolo. Bandulo yawo yatha.

Ndakhala pabedi. Zimene ndili nazo: lamba, chikwama, galasi, chipewa, kansalu. Zimene ndilibe: mfuti, diso, phewa, gwape. Twaibu akuti chikwamacho ndisayerekeze kupita nacho pa eyapoti chili chomwecho, ndingagone kuselo chifukwa cha mpweya umene uli mkatimo. Tichipinda, tichiika pansi pa zovala.

Mapepala awa ndimalembera ndekha. Koma pafoni sindimaliza nkhani, ndiye Twaibu awajambula onse, awatumize kwa inu.

Abiti Mussa, yankho ndilibe. Ndalifuna sabata yathunthu, mwaona nokha. Ndipo pokhala pano ndazindikira kuti tsiku la Madamu ndimalidziwa lonse, nthawi yotuluka ndi yobwera, koma lanu sindikulidziwa. Zaka zonsezi ndimangofunsa ngati mwadzuka bwino ndi ngati mvula yagwa. Kaya madzi mukutunga kuti masiku ano. Kaya kudimba mumapita m'mawa kapena madzulo. Kaya tiyi mumamwa ndi ndani.

Tsono ndikupempha, mundilembere. Osati pafoni, mungandidulenso. Mutenge pepala, mulembe tsiku lanu limodzi, kuyambira swala ya m'bandakucha mpaka pozimitsa nyali, osadumpha kanthu ngakhale kakang'ono. Ine ndiwerenga pang'onopang'ono, ndione pamene munthu wa diso limodzi ndi phewa limodzi angalowepo osakupondani. Pakapanda malo, munene. Koma muyang'anitsitse kaye musanayankhe.