A Bizwick ndi Nsomba za M'galasi

Kuyambira pa Muloza mpaka pa Chitakale, munthu amene ankagula nsomba kuti iye azizidyetsa, m'malo moti nsombazo zimudyetse, anali mmodzi yekha basi: malemu a Bizwick Mwakhiwa. Ena tonsefe nsomba timaidziwa ili pa mulu, yathiridwa mchere, yauma gwa. Iwo ayi. Zawo zinkakhala m'galasi pabalaza, zili ndi hita yakeyake yofunditsa madzi, ndipo ukalowa m'nyumbamo unkapereka moni kwa mayi a pakhomo, kenako kwa nsomba. Ine Annie ndakhala nawo mpanda umodzi pano pa Limbuli zaka zonsezi, ndinaziona kuyambira pachiyambi, ndiye wina asakunamizeni.

A Bizwick anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Anali munthu wofatsa, koma makani ake, abale inu! Sankakweza mawu. Chinthu chikawakanika ankangochiyang'ana, n'kukanda kumutu, n'kunena kuti, "Tiyesanso." Akatero ndiye kuti nkhani yatha, kaya mulankhule mpaka pakhosi pauma.

Akazi awo, a Joice, ankagulitsa nsomba zouma. Mayi ameneyo! Mamawa ali ku Milange kukapikula bakayawo, masana ali pamsika, mawu awo akumveka mpaka kuphiri. Pakamwa panali pakuthwa. A Bizwick ankakalipiridwa m'mawa, masana ndi madzulo ngati mankhwala a kuchipatala, ndipo ankanenepa nazo.

Kenako kunabwera sitiroko. A Joice anabwerako kuchipatala mbali ya kumanja itafa, mawu atatsekeka. Ankangokhala pampando pabalaza, maso pakhoma. Ukawalankhula, phee. Ukawapatsa phala, ankalikankha ndi dzanja lamoyolo. Tonse tinkaona kuti munthuyu wadzitaya, akupita ife tikumuyang'ana.

"Achemwali," anandiuza a Bizwick pampanda tsiku lina, "nyumba yanga yazizira. Palibe wondikalipira."

Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Atapita ku Limbe kukaona mwana wawo Millie, anaona nsomba zamoyo m'galasi m'sitolo ina. Anabwerako maso akuwala, ulendo wa kwa Hussein, wodula magalasi a mawindo pamsika.

"Ndikufuna windo la mbali zinayi, pansi pakenso galasi, losadontha."

"Bambo, nyumba yake ndi yotani imeneyo?"

"Ya alendo."

Hussein anamata magalasiwo n'kukhala thanki ya nsomba, akupukusa mutu. A Bizwick anabwereranso ku Limbe, ndipo anatsika minibasi atafukata jumbo ya madzi pachifuwa ngati khanda. Ndinasuzumira. Munali tinsomba tochepa kuposa matemba, michira yake ya mawangamawanga ngati zitenje za pachinkhoswe.

"Achimwene, izi ndi ndiwo za anthu angati?"

"Si ndiwo. Ndi zoonera. Dzina lake magupi. Amayi a Millie akhala moyo wawo wonse ndi nsomba zakufa. Aoneko zamoyo."

Tsono kwathu kuno mlendo akafika umamupatsa madzi abwino, ozizira. A Bizwick anati a pamjigo sangayenere alendo ochokera m'tauni. Analawirira ndi ndowa kumtsinje wotsika m'phiri, anatunga madzi aja opweteka mano, n'kudzaza thanki, n'kukhuthuliramo nsomba. Pofika masana zonse zinali chagada, mimba m'mwamba.

Elson wa kabaza, amene sachedwa kufika pamene pagwa nkhani, anaimika njinga pakhomo.

"Madala, poti zafa kale, bwanji tingozikazinga? Tomato ndigula ine."

A Bizwick anamuyang'ana mpaka Elson anayamba kukonza tcheni chomwe sichinaguluke. Nsombazo a Bizwick anakazikwirira pansi pa nthochi, n'kusamba m'manja.

"Tiyesanso."

Ulendo wachiwiri wogulitsa wa m'sitolo ya ku Limbe ija anawafotokozera kuti nsomba zimenezi ndi za madzi ofunda. Anawapatsa hita, kapampu kotulutsa thovu, ndi kachitini ka chakudya. Anati azingotsina ndi zala ziwiri, basi. Zimenezo ndiye zinawapweteka a Bizwick mumtima.

"Mlendo pakhomo panga adye zotsina? Anthu akamva ati chiyani?"

Anayamba ndi madeya, monga amachitira a maiwe a nsomba kumudzi. Anawonjezera nyenyeswa za sikono. Lamlungu, poti ndi Lamlungu, dzira lophika. Nsomba zikabwera pamwamba zikuyasamula, iwo ankati, "Mukuona? Zikupemphanso," n'kuthira ena. Madzi anasanduka thobwa. Fungo linafika mpaka kwanga. Nsomba zinayamba kufa imodziimodzi, iwo n'kumati mwina sizikukhuta.

Koma chinthu chimodzi ndinachiona. A Joice anali atasiya khoma. Mutu unali utatembenukira kuthanki, maso akutsata tinsomba tija, kenako akutsata dzanja la amuna awo. Nkhope inali ikusintha, ndipo ine nkhope imeneyo ndinkaidziwa kuyambira kumsika.

M'mawa wina ndikusesa panja, ndinangomva chitseko phwaa! A Bizwick anatulukira opanda nsapato, mbale ya madeya ili m'manja.

"Achemwali! Achemwali! Andikalipira!"

"Ndani?"

"Amayi a Millie! Ndimathira madeya, ndangomva kumbuyo kuti, 'Mwa... chu... lu... tsa.' Nditacheuka, awonjezera kuti, 'Opusa.' Opusa, achemwali! Zomveka bwinobwino!"

Bambo wamkulu, wa imvi, anavina pabwalo madeya akumwazikira nkhuku. Ine ndinagwira tsache, misozi ili chuchuchu, ndikuseka.

Koma nsombazo sizinapulumuke. Yomaliza itafa, a Joice anayang'ana thanki yopanda kanthu, n'kubweza mutu kukhoma. Phala anayambanso kulikankha. Apa ndiye a Bizwick anadziwa kuti nkhaniyi si ya masewera. Nsomba zikakhala moyo, mkazi wawo akhala. Zikamafa, naye azipita.

Ulendo wachitatu wogulitsa uja anakana kuwapatsa nsomba.

"Bambo, mukundithera ziweto. Pitani mukatsuke thanki, koma sopo ayi. Muikemo mchenga, timiyala ndi zomera za m'madzi, kapampu kaziyenda. Muzitsinira tichakudya pang'ono m'madzimo, opanda nsomba, kwa masabata angapo. Madziwo akakhwima mudzabwere."

A Bizwick anachita ndendende. M'mawa uliwonse ankaima pathanki yopanda nsomba, n'kutsina chakudya ndi zala ziwiri, n'kuthira, n'kuyang'anitsitsa. Mbiri inawanda msika wonse kuti a Mwakhiwa tsopano akuweta madzi. Anthu ankabwera dala kudzaona.

"Madala, nsomba zili kuti?" anafunsa Elson.

"Zikubwera. Madzi ayambe apsa."

"Madzi amapsa?"

"Iwe, kalongonda, nyemba zija, amakhala pamoto tsiku lonse, ukamufulumizitsa amakugwetsa. Awanso ndi chimodzimodzi."

Akuluakulu a mpingo anamva kuti mavuto awasokoneza mutu a Bizwick, ndipo anabwera kudzawapempherera. Anakhala mozungulira thanki, anaimba, anapemphera mwamphamvu. Potuluka, mkulu wina anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Mayi, musamuseke munthuyu. Ine ndaionako imodzi kuseri kwa mwala."

Nthawi yonseyo a Bizwick ankakhala pafupi ndi mpando wa akazi awo, supuni ili m'manja. "Idyani, amayi a Millie. Alendo akubwera. Akupezeni muli ndi mphamvu zondilondera." Supuni zina zinkalowa, zina zinkabwerera.

Madzi atakhwima, nsomba zinabwera, zochepa chabe. Jumbo anayamba aiyandamitsa m'thanki kuti alendo azolowere, osati zija zokhuthula. Ndipo ukapitawo unapita kwa a Joice. A Bizwick akatsina chakudya ankayamba aonetsa zala kwa akazi awo. Zikachuluka, dzanja lamanzere linkamenya mpando. Posintha madzi ankachotsa pang'ono chabe, a Joice akuloza polekezera. Mawu anayamba kubwerera limodzilimodzi, ndipo onse anali okalipa: "Pang'ono." "Mwataya." "Manja auve." A Bizwick anayambanso kunenepa.

Kenako inafika Juni, chiperoni chinatsika m'phiri. Inu a kutali simungamvetse. Nkhungu imaphimba minda ya tiyi yonse, kamvula kowaza kosaleka, mphepo yolowa m'mafupa. Ndipo pakati pa zimenezo magetsi anathima, osati kwa maola ayi, kwa masiku. Hita inangokhala ngati ndodo m'madzi. Nsomba zinatsikira pansi, michira itafota.

A Bizwick anakulunga thanki ndi bulangeti lawo. Anawonjezera juzi. Anawonjezera jekete la suti, lija la ukwati wa Millie. Kutsogolo anasiya kampata koti a Joice azionera. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi mabotolo, kupempha madzi ofunda oti aziyandamitsa m'thanki. Iwo ali m'malaya okha, mano akugundana.

"Achimwene, mudwala chibayo chifukwa cha matemba!"

"Ine magazi anga amadzifunditsa okha. Izi zilibe wina."

"Makala anga akutha!"

"Tiyesanso botolo limodzi, achemwali."

Ndinalalata, eya, ndinalalata mpaka anthu anatulukira m'mawindo, koma mbaula ndinakoleza. Mzere wathu wonse unakoleza. Hussein anatumiza makatoni okutira. Ngakhale Elson uja ankathamanga ndi mabotolo panjinga, akukuwa kuti, "Pambali, pambali, ambulansi ya matemba!"

Magetsi atayaka tinadzazana pabalaza. A Bizwick anachotsa jekete, juzi, bulangeti. Nsomba zonse zinali zamoyo. Ndipo pakati pa zomera panali tinthu tina tikuthamanga, tating'ono kwambiri, maso awiri ndi kamchira basi.

"Zabereka," anatero a Joice. Kenako anaseka. Kukamwa kunali kopotoka, kuseka kwake kwa mbali imodzi, koma kunali kuja kwa kumsika. A Bizwick anakhala pansi pasimenti n'kubisa nkhope m'jekete.

Magupi akayamba kubereka saleka. Posakhalitsa a Bizwick anayamba kugawa tiana, koma kupempha nsomba kwa iwo kunali ngati kufunsira mbeta. Unkafunsidwa komwe umatunga madzi, ngati kwanu kuli mphaka, ndiponso ngati uli ndi mtima wopatsa. Ukati eya, ankakubweza. "Wopatsa amapha. Ndikudziwa ine."

Anakhala nazo nsombazo zaka zingapo. Chaka chathachi, nthawi ya nandolo, anadwala masiku ochepa n'kutisiya.

Mukudziwa mwambo wathu: pamaliro katundu wa pabalaza amatulutsidwa kuti amayi apeze pokhala. Anyamata anatulutsa mipando, tebulo, kabati. Atafika pathanki, Elson anatenga ndowa kuti ayambe kukapa madzi.

"Siyani," anatero a Joice.

"Mayi, anthu akhala pati?"

"Siyani. Nazonso zafedwa."

Amayi anakhala mozungulira thankiyo, ndipo nyimbo zonse za malirowo tinaimba kapampu kakubwata pansi pa mawu athu.

Titabwerako kumanda, chimene ndinkaopa chinachitika. A Joice anatembenukira kukhoma. Millie anayesa, a mpingo anayesa, phee. Phala linkabwerera momwe lapitira. Millie ankatsinira nsomba chakudya moyenera monga anaphunzitsidwira, koma mayi ake osacheuka n'komwe. Mtima unandiwawa, ndiponso ndinapsa mtima. Munthu uja anazizidwa m'malaya okha kuti zithere pakhoma?

M'mawa wina ndinatapa madeya m'thumba la nkhuku zanga, mbale yodzaza, n'kulowa osagogoda. Ndinavundukula thanki mwaphokoso.

"Iii, nsombazi zaonda," ndinatero mokweza. "Malemu ankaziumira. Lero zidye zikhute."

Phee.

Ndinatapa dzanja lodzaza n'kuliimika pamwamba pa madzi. Nsomba zinakwera zikuyasamula. Dzanja linayamba kulema, madeya akuyoyokera pang'onopang'ono pakati pa zala. Mumtima ndinati, achimwene, tiyesanso.

Ndinamva mpando ukulira. Kenako dzanja linamenya thabwa, pha!

"Annie. Mwachulutsa."

Sindinacheuke.

"Opusa nonse. Bweretsani kachitini. Ndi phala langa."

Ndinaika mbale pansi, ndinawapatsa kachitini, n'kutuluka kukalira kuseri, pa nthochi paja.

Pa Limbuli pano nsomba zikugulitsidwabe pa mulu, zamchere, zouma gwa. Koma mukayenda mzere wathu muona timathanki m'mawindo, kwa Hussein, kwa Elson, kwa mkulu wa mpingo uja amene tsopano amaonadi nsomba kuseri kwa mwala. Chiperoni chikatsika timafunsana za mabotolo tisanafunsane za ana. Chosowa ndi munthu uja woyenda m'nkhungu m'malaya okha. Pampanda pali zii, ndipo ndimawasowa a Bizwick koopsa.

A Joice alipo, akudya, akulondera nsomba zawo. Ine m'mawa uliwonse ndimalowa ndi mbale yanga ya madeya, dala, yodzaza bwino. Ntchito yokalipiridwa m'nyumba imeneyo inasiyidwa yopanda munthu, ndiye ndinaitenga ine.